Zikomo nonse amene munandithandiza pa vuto la AC ya Hilux yanga

Abale anga, AC (makina oziziritsa m'galimoto) ya Hilux ija yayambanso kuzizira, ndiye ndati ndisakhale chete ngati zangochitika zokha.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti galimoto imeneyi ndi khasu langa. Imatuta chimanga ndi mtedza ku Mitundu ndi ku Nsundwe, komanso mwezi uliwonse ndi imene imakatenga mayi anga ku Salima kudzaonana ndi adokotala kuno ku Lilongwe. Tangoganizani dzuwa la Okutobala pamsewu wa M14, munthu wamkulu ali pampando wakutsogolo, AC ikuuzira mpweya ngati wa m'ng'anjo. Mayi sankadandaula, ankangodzikupiza ndi nsonga ya chitenje. Zinkandiwawa mumtima.

Kawiri konse ndinapita kugalaja ina imene sindiitchula. Ulendo uliwonse ankati gasi watha, n'kundilipiritsa gasi wina wa R134a. Ndikachoka, AC inkazizira bwinobwino, koma ndikangolowa msewu wafumbi wa mabampu, zii. Kumbuyoku m'pamene ndadziwa kuti ankangosintha fyuzi yakupsa osandiuza. Ulendo wachitatu anachotsa fyuzi ya 10A n'kuikapo yaikulu ya 30A. Patapita masiku ochepa ndinayamba kumva kafungo ka pulasitiki wopserera, AC n'kuzimiratu. Apo anati kompuresa, imene imapopa gasi wa AC, yafa, ndigule ina.

Alamu anga, zikomo pondigwira dzanja tsiku lija ndalama ili kale m'thumba, n'kundilondolera kwa madala ena okonza zamagetsi a galimoto ku Biwi.

Madala, sindikudziwa ndikuthokozeni bwanji. Mutangotsegula bokosi la mafyuzi munapukusa mutu, n'kundiuza kuti ndikanaotcha galimoto yonse, chifukwa fyuzi amaipanga yofooka dala kuti izipsa iyo m'malo mwa waya. Simunamasule chilichonse musanayeze. Gasi munapeza kuti ndi wokwanira. Relay ya AC, kaswichi koyatsa ndi kuzimitsa magetsi ake, munaisinthanitsa ndi ya hutala, hutala n'kulira bwinobwino, kusonyeza kuti relay ilibe mlandu. Koyilo ya klatchi ya kompuresa, klatchi imene ikagwira kompuresa imayamba kuzungulira, munaiyeza ndi mita, inawerenga pafupifupi ma ohm 4. Kenako munakoka waya kuchokera pabatire kuipatsa ma volt 12 mwachindunji, ndinangomva kuti kha! klatchi yagwira. Kompuresa yomwe anaiikira maliro ija inali yamoyo.

Ntchito yotsalayo inali ya kuleza mtima, kutsata waya umodzi ndi zala mpaka komwe ukupita. Iwe mnyamata amene ukuphunzira ntchito pamenepo, zikomo, ndiwe unalowetsa mkono pansi pa bokosi la sefa ya mpweya n'kutulutsa madeya ndi makoko a mtedza. Makoswe! Anamanga nyumba m'boneti, n'kutafuna chikopa cha waya wopita kuklatchi. Galimoto ikagwedezeka, wayayo ankakhudza chitsulo, fyuzi n'kupsa. Fyuzi yaikulu ija inangochititsa kuti waya azitentha mpaka anasungunuka n'kuduka. Munadula gawo loonongekalo, kulumikiza latsopano, kulikulunga bwino, n'kubwezeretsa 10A. Mtengo wake ndikuchita nawo manyazi kuutchula poyerekeza ndi wa kompuresa.

Mayi a kunyumba, zikomo popirira kung'ung'udza kwanga miyezi yonseyi. Munkanena kuti ndisamagoneke galimoto pafupi ndi matumba, ine osamva. Misampha ndagula itatu.

Loweruka lapitali tikuchokera ku Salima, tisanafike n'komwe ku Chezi, mayi anga anafunda chitenje chija n'kundiuza kuti, "Mwanawe, tachepetsako chimphepo chakochi, ndikumva kuzizira."