Zikomo nonse, ana athu a gymnastics ayambanso chipidigoli pa mamati

Abale ndi alongo, a kuno ku Ngabu ndi inu muli kutali, mwaswera bwanji? Loweruka lapitali ana a kagulu kathu ka gymnastics aonetsa masewero awo pagulu koyamba chidutsireni namondwe wa Freddy, ndiye ndati ndithokoze pompano aliyense aone, anthu munatigwira mkono ndinu ambiri zedi sindingathe kufika khomo ndi khomo.

Mukukumbuka mu March 2023 madzi analowa mkalasi momwe tinkasungira katundu, matiresi athu asiponji aja anamwa matope mpaka kununkha, tinangotaya. Ana sanasiye ayi, amakapidigukira pamchenga kumtsinje, koma inu mukudziwa dzuwa la kuno ku chigwa, ikafika October mchenga umawotcha zikhatho mwana sangaime ndi manja olo pang'ono.

Zikomo woyamba apite kwa achemwali anga ali ku America, ali pa yunivesite ina yaikulu, amagwira ntchito yosamalira osewera akavulala, kumanga akakolo, kuongola mapewa, zimenezo. Anatenga kavidiyo ka ana athu pamchenga paja nkuonetsa matimu onse awiri, ya atsikana ndi ya anyamata. Timu ya atsikana kumeneko ndi ya dzina, holo imadzaza, amaoneka pa TV, ndipo iwo amagoletsabe mpaka 10 yeniyeni ija, malikisi apamwamba kwambiri pa mpikisano wawo. Iwowa ndi amene anatipatsa mamati omwe anasiya kugwiritsa ntchito, kwa iwo akale koma kwa ife nyuwani.

Koma anyamata aja ndiye andikhudza mtima. Masewero awo ali pa moto kumeneko, University of Minnesota ndi University of Iowa anatseka matimu a amuna itatha season ya 2021, ndipo mayunivesite amene adakali ndi timu ya amuna mu NCAA, bungwe loyendetsa masewero a mayunivesite kumeneko, sakwana ndi 20 omwe dziko lonse lija. Ena amaloza chala lamulo la Title IX la 1972 lomwe limati akazi ndi amuna azipatsidwa mwayi wofanana, koma achemwali amati nkhani ndi ndalama basi, mpira wawo wachi America uja umadya gawo lalikulu, ine ndikugwirizana nawo. Ndiye taganizani anthu oti sakudziwa ngati chaka chamawa timu yawo idzakhalepo, iwo omwewo ndi amene anasonkherana za mthumba kulipira sitima kuti mamati awoloke nyanja. Anyamata inu, olo simumva Chichewa achemwali akumasulirani, Mulungu akusungireni timu yanuyo.

Zikomo kwa adalaivala a lole ya thonje amene pobwerera kuchokera ku Blantyre anatinyamulira ulere, kutsika nawo mapiri aja pang'onopang'ono, Thabwa, Kamuzu Bridge, Nchalo mpaka kutitulira pakhomo pasukulu, mafuta sanatilipiritse. Aheadi zikomo potibwereka kalasi. Amfumu, takhuta, munauza makolo pamsonkhano kuti izi si zauchitsiru ndipo atsikana ambiri anabwera chifukwa cha mawu anuwo.

A kalipentala athu ndiwatchule mwapadera. Atsikana amapikisana pa zida zinayi, anyamata zisanu ndi chimodzi, ife tinalibe olo chimodzi. Bambowa ndinangowaonetsa chithunzi cha beam pafoni nkuwauza kuti mulifupi ndi masentimita 10, mulitali mamita 5, iwo anapala thabwa mpaka kusalala nkulikuta ndi kapeti yakale. Yeniyeni imakhala masentimita 125 kuchokera pansi koma ndinati ayi bambo, ikhale yofika mmawondo, chipatala sichili pafupi kwa ana ena. Kamtsikana kena ka Standard 4 kanayenda pamenepo chammbuyo Loweruka, manja tambasu, lilime kunja, agogo ake ataphimba kumaso ndi chitenje kwinaku akusuzumira. Naye wa welding pamsika anatikonzera chozungulirapo anyamata kuchokera ku dishi ya TV yakutha, chooneka ngati bowa, chimene amaphunzirirapo asanakwere pommel horse, chida cha anyamata chokhala ndi zogwirira ziwiri chomwe amazungulirapo ndi manja.

Amayi a komiti inu ndiye ndilibe mawu. Tiyunifomu tinabwera ndi mamati tija mutationa munati aphunzitsi mwana wanga savala zoterezi pamaso pa amalume ake, kkkk, ndipo simunathere pokana, munakasoka makabudula usiku ndi usiku kuti ana avalire pamwamba. Phala la tsikulo munaphikanso ndinu.

Maphunziro akupitirira Lachiwiri ndi Lachisanu 4 koloko dzuwa likapepa, mwana aliyense abwere, salipira kanthu, angotenga botolo la madzi. Chatsala ndi mashelefu, tikufuna tikhome mmwamba kufupi ndi denga mvula isanayambe kuti mamatiwa asagone pansi, amene muli ndi matabwa kapena misomali ya 4 inchi mundipeza pasukulu.