Za thovu lija, imvani kwa mwini wake

Poti chithunzi chija chazungulira kale magulu onse a WhatsApp mpaka chafika kwa mayi anga ku Mulanje, bola ndifotokoze ndekha anthu asanathiremo mchere wina. Eya, amene wagwada pansi pa tebulo uja ndine. Eya, chili kumutucho ndi thovu. Koma zoti ndinaledzera ndi bodza, ndinali ndisanalawe olo dontho, ndipo inu amene mwayamba kunditchula kuti a Thovu ndikukudziwani nonse mmodzimmodzi.

Wolakwa weniweni ndi data. Ndinkaonera kavidiyo ka mayi wina wa ku America akukonza chakumwa cha Khirisimasi mu chimbale chagalasi, analemba zofunika zonse koyambirira, juwisi, chakumwa cha gasi, shampeni, ndi sherbet yambiri. Atangothira juwisi uja foni inayamba kuzungulira, bandulo yatha. Ine ndinati basi zotsalazo ndi zapafupi, munthu ndagwira ntchito kukhitchini ya lesitilanti ku Randburg zaka zinayi, olo kuti ndimatsuka mbale koma maso ndili nawo.

Ndiye mvetserani bwino pamenepa chifukwa ena mukuseka chonsecho nanunso simukudziwa. Ku America sherbet ndi chinthu cha mufiriji, mlongo wake wa ayisikilimu, cha zipatso ndi kamkaka pang'ono, amachita kutapa ndi supuni n'kuika pamwamba pa chakumwa kuti chiziyandama n'kumasungunuka mwaulemu. Kuno ku Joni ukanena sherbet pa spaza, kagolosale kakang'ono ka m'dera, amakupatsa timapaketi ta ufa wowawasa uja ana asukulu amanyambita pachikhatho lilime n'kufiira. Dzina limodzi, zinthu ziwiri. Ufa umenewo muli shuga, asidi wangati wa m'mandimu, ndi soda, soda yemwe uja wa therere. Asidi ndi soda zikangonyowa zimatulutsa mpweya. Zonsezi ndazidziwa pa 26, pa 25 ndinali munthu wosalakwa amene anagula timapaketi 40, tofiira tokhatokha, mwini spaza mpaka kundifunsa ngati ndatsegula kireshi.

Phwando linali kuseri kwa nyumba imene alamu anga amachita lendi ku Rosettenville, tonse amene matumba anakana kukakwera basi ya kumudzi tinasonkhana kumeneko. Dzuwa la December likuswa mtengo, mpunga, nkhuku, nyama yootcha, nsima ya ufa umene wina anabwera nawo kuchokera ku Ntcheu ndipo amaulondera ngati golide. Chimbale chagalasi ndinalibe, ndiye alamu anandibwereka beseni lawo loyera latsopano, amvekere alamu mulisamale ndimasambitsiramo mwana. Ndinalitsuka kawiri, musayambe. Ndinathiramo juwisi, mabotolo atatu a Stoney a malita awiri aja, ndi shampeni yotchipa mabotolo awiri, n'kulikankhira pansi pa tebulo kuti anthu adzadabwe.

Ufa wonse ndinali nditaukhuthulira kale mu jagi. Mapulani anali oti a tcheya a gulu lathu lamaliro akamapempherera chakudya, aliyense atatsinzina, ine ndithire mwakachetechete, anthu akamati ameni apeze zinthu zili pinki zokongola ngati za muvidiyo. Tandiuzani ngati amenewa ndi maganizo a munthu woipa.

A tcheya anaimirira, suti yakuda, nsapato zopolisha mpaka kumaonekamo nkhope, tiyeni tipemphere. Ine gwadu, jagi yonse khuthu.

Abale inu. Poyamba kunamveka kaphokoso chabe, tsiiii, ngati nyama ikagwera pamakala. Kenako beseni linayamba kukula. Sindikunama, linafufuma ngati bumi la mandasi loiwalidwa padzuwa, thovu la pinki lonenepa, likukwera modekha osathamanga, ngati likudziwa kuti palibe angaliletse. Ndinatenga chipande kuti ndilibweze pansi, kutakasa kuja ndiye ngati ndalitukwanira makolo, linabwera kawiri. Ndinavundikira ndi thireyi, thireyi inanyamuka n'kuyamba ulendo. Ndinayesa kuuzira ngati phala la mwana. Ndinayesa ndi manja onse awiri kulikumbatira, inde kukumbatira thovu, munthu wamkulu wa ana awiri, ndipo apa m'pamene linandikwera m'mikono mpaka m'khosi. Mwa anthu onse aja amene anali maso ndi kamwana ka alamu ka zaka zitatu kokha, kataima potero ndi mwendo wa nkhuku m'manja, tinayang'anana, ndinakagwedezera mutu kuti chonde mwanawe usanene, iko kanangopitiriza kutafuna ngati kakuonera katuni.

Ndipo a tcheya akayamba kupemphera mumawadziwa. Anayambira kwa odwala, anapita kwa amene ali paulendo pa Beitbridge ndi pa Mwanza, anapempherera mapepala a aliyense, mabwana athu, mvula ya kumudzi, fetereza. Nthawi yonseyi thovu latuluka pansi pa tebulo, ladutsa pasimenti, likulowera kumene kuli nsapato zija mwaulemu ngati mkamwini. Ndinaliona likufika. Linaima kaye pang'ono kutsogolo kwa nsapato yakumanja ngati likuodira, kenako linakwera. Ndiye nthawi yomweyo a tcheya, maso ali chitsinzinire, anakweza mawu amvekere Ambuye madalitso anu asefukire pakhomo pano! Anthu onse, ameni! Ine pansi pa tebulo ndinangoti Ambuye mwayankha msanga.

Woyamba kutsegula maso anali mayi wina wa mvano, anakuwa kuti gasi waphulika, anthu balala, wina ananyamula poto wa mpunga n'kuthawa naye mpaka kugeti ndipo mpaka lero sanafotokoze kuti amapita naye kuti. Ine pofuna kudzuka ndinagunda tebulo ndi mutu, beseni linapendekeka, zotsalazo mwaziona pachithunzi. A tcheya anangoyang'ana masokosi awo nthawi yaitali, kenako anati achimwene, kodi chimenechi ndi chakumwa kapena mukuchapa?

Pano ndinene mbali yanga. Choyamba, ufa uliwonse ukauthira mu chakumwa cha gasi chimachita thovu, olo shuga wamba, yesani mu Fanta muone, ndiye ine ndinathira ufa woti nawonso uli ndi gasi wakewake, nkhondo ya mbali ziwiri, palibe akanapambana. Chachiwiri, Joni ili pamtunda kwambiri, mamita opitirira 1,700, ndipo kumtunda zinthu za gasi zimalusa msanga, zikanakhala ku Nsanje mwina bwenzi pano mukundiyamika. Chachitatu, achimwene amene anajambula aja anali pafupi ndi mopu, anasankha foni.

Komanso chimene simukunena m'magulumo n'choti zimene zinatsala pansi pa beseni anthu anamwa. Zinali zotsekemera mopweteka mano, gasi yense atathawa, kakumveka ka soda kumapeto ngati wamwa msuzi wa therere wothira shuga, koma makapu anatha, ndipo mayi amene anakuwa aja anabwereza, kenako n'kumafunsa kuti bwanji mutu ukupepuka. Za shampeni sindinawauze, mwina awerenga pano.

Cha m'ma 4 koloko mvula ya mabingu ija inabwera n'kutsuka simenti yonse, nyerere zokha ndi zimene zinachita Khirisimasi mpaka pa 28. Beseni lili ndi mzere wa pinki umene ukukana kuchoka olo ndi Jik, alamu akuti ndigule lina. Pa 31 andiuza kuti ndibwere ndi makala basi.