Tsiku limene ndinanyadira 4 pa 100

Poti chithunzi chija chazungulira kale m'mafoni mwanu, ndipo ena mwayamba kundiitana kuti Bwana Mdima, ndibwino ndiifotokoze ndekha nkhaniyi isanamere nyanga. Inde, munthu wagwada pambali pa galimoto akukanda galasi ndi zikhadabo uja ndine. Inde, m'galimotomo munali mzimayi. Koma inu amene mukufalitsa zoti ndinkabisa chibwenzi, Mulungu akukhululukireni. Mzimayiyo ndi apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, ndipo chikanakhala chibwenzi mwina bwenzi zinthu zitayendako bwino, chifukwa chibwenzi sichikanaikira umboni mbali ya apolisi.

Cholakwa chonse chinachitika pa funso limodzi. Nditapita kukamatitsa tinti, pepala lodetsa magalasi a galimoto lija, mnyamata womata tintiyo anandifunsa kuti, "Bigi, tiike 35, 20 kapena 5?"

Ine mumandidziwa, si munthu wokonda kudzionetsera. Ndinawerengera mwachangu m'mutumu: 35 ndi mdima wa anthu othawa ngongole, 20 ndi wa anyamata a nyimbo zophulitsa makutu, ndiye 5 ndi kamdima kapang'ono chabe, ka bambo wa pabanja wongofuna kuti dzuwa lisamamuwambe mkono. Ndinayankha modzichepetsa kuti, "5 yokha basi, achimwene, ine zambiri sindifuna."

Mnyamatayo anaima kaye n'kundiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu. "Ndi a zitseko zakutsogolo omwe?" Ndinati onse. Anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ndinu olimba mtima, bigi." Ine ndinazitenga ngati akundiyamikira.

Nditabwerako ndinapeza galimoto yanga ili bii, ngati wina waithira phula m'mawindo. Mtima unagunda pang'ono, koma ndinadzitonthoza kuti pepalalo likadali lonyowa, likauma liyera. Ndiponso, tinene chilungamo, galimotoyo inkaoneka ya ndalama kuposa mwini wake. Ndinaizungulira kawiri ndikudziyang'anira nkhope pagalasi. Pochoka mnyamatayo anandipatsa lamulo limodzi, ndipo mulisunge chifukwa tilipezanso kutsogoloku: masiku atatu osatsitsa galasi. Pepala la tinti amalimata m'kati mwa galasi ndi madzi a sopo, ndiye madziwo asanaume ukatsitsa, labala wa m'chitseko amalikoka m'mphepete n'kulipinda.

Usiku woyamba ndinabwerera rivesi chitseko chili chotsegula, mutu uli panja ngati kamba, chifukwa magalasi oonera kumbuyo aja anali atasamukira kudziko lina. Izi sindinauze aliyense.

Tsiku lachiwiri mayi a kunyumba anandituma kuti ndikasiye apongozi kwawo. Atangokhala pampando n'kutseka chitseko, anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa mwaulemu kuti, "Mwananga, kodi kunjaku kwada kale?" Inali 10 koloko m'mawa.

Sitinayende mtunda wautali, ndinangoona dzanja lili m'mwamba. Wapolisi wa pamsewu. Ndinaima bwinobwino pambali, laisensi ndili nayo, inshuwalansi ili m'malo, matayala atsopano, chikumbumtima chili mbee. Bwanayo anabwera mosafulumira, anafika pawindo langa, n'kuima.

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse bwino, chifukwa chithunzi chanucho sichinagwire mbali imeneyi. Munthuyo anaweramira pagalasi. Nkhope yake ndi yanga zinatalikirana kutalika kwa chala chimodzi. Ine ndikumuona chilichonse: thukuta pamphuno, kachipsera pachibwano, ndevu ziwiri zomwe lezala inaziphonya m'mawa. Iye sakuona kanthu. Anaika manja m'mbali mwa maso ngati mwana wosuzumira m'chitsime. Palibe. Anasuntha pang'ono n'kuyesanso mbali ina. Palibe. Kenako, anthu inu, anadziona yekha pagalasipo. Ndipo munthu akadziona pagalasi amakhala munthu basi, kaya wavala yunifolomu. Anawongola chipewa. Anakonza kolala. Anatembenuza tsaya la kumanzere, kenako la kumanja. Ananyowetsa chala n'kusalaza nsidze imodzi. Ine ndili pompo, mpweya ndaugwira, ngati ndaloŵa m'bafa mwa munthu mosagogoda.

Apongozi ananong'ona kuti, "Akutiona?"

Nanenso ndinanong'ona kuti, "Ayi, amayi."

"Nanga tikunong'oneranji?"

Funso limenelo mpaka lero yankho lake ndilibe.

Go! Go! Go! Bwana anagogoda, n'kuzunguliza chala kusonyeza kuti nditsitse galasi. Dzanja langa linapita lokha pabatani, koma mawu a mnyamata uja anandibwerera: masiku atatu. Linali tsiku lachiwiri. Ndiye ndinachita chimene munthu aliyense wosamala katundu wake akanachita. Ndinakuwa ndili m'katimo kuti, "Bwana, sindingatsitse! Silinaume!"

Tangoganizani zimene iye anamva. Galimoto yakuda bii, m'kati simukuoneka munthu, ndipo mukutuluka mawu osamveka bwino ngati a munthu wotsekeredwa m'mgolo. Anabwerera m'mbuyo phazi limodzi n'kukodola mnzake. Ine poona kuti zinthu zikupita koipa, nzeru inandibwerera: chitseko! Galasi silingatsike, koma chitseko palibe anachiletsa. Ndinachikankha ndi mphamvu zonse za munthu wofuna kuonetsa kuti ndi womvera malamulo, pa nthawi yomweyo imene bwana anali ataweramiranso. Chipewa chokonzedwa bwino chija chinagubuduka mpaka pakati pa msewu.

Tonse atatu tinachiyang'ana chikugubuduka. Apongozi anangoti, "Hmm."

Ndiyenera kunena kuti bwanayo anali munthu woleza mtima kuposa mmene ndikanachitira ine. Anatola chipewa chake, anachisasa fumbi, n'kupita kukatenga kamakina kakang'ono, kokwana m'dzanja, kokhala ndi mpata pakati. Kamakinako amakaloŵetsa m'mphepete mwa galasi lotsitsidwa theka. Mbali imodzi kamatulutsa kuwala, mbali inayo kamawerenga kuwala komwe kwadutsa. Ndiye kuti galasi linayenera kutsika, ndifune ndisafune. Ndinadina batani maso nditatsinzina. Linamveka phokoso ngati munthu akung'amba nsalu pang'onopang'ono, ndipo pepala langa latsopanolo linachita makwinya ngati chipumi cha agogo.

Kamakina kanalira. Panatuluka nambala: 4.

Abale anga, ndinasangalala. Ndinamwetulira mpaka mano a m'mbali. Ndinati, "Mwaonatu, bwana? 4 yokha! Ine ndinapempha 5, andipatsanso yochepera!"

Bwanayo anayang'ana mnzake. Mnzakeyo anatembenuka n'kuyamba kuona mitengo, mapewa akugwedezeka. Ndiye anandifotokozera pang'onopang'ono, mmene amalankhulira ndi mwana wa sitandade 1. Nambalayo siinena kuchuluka kwa mdima. Imanena kuchuluka kwa kuwala komwe kukudutsa. Pa kuwala 100 kofika pagalasi langa, koloŵa m'kati ndi 4 kokha, kotsalako kumabwerera pakhomo. Nambala ikachepa ndiye kuti mdima wachuluka. Pepala la 5 ndi lija amamata kumbuyo kwa magalimoto aataliatali onyamula akwati ndi anthu otchuka. Ndipo 4 anabwera chifukwa galasi la galimoto silikhala loyera kotheratu likamachoka kufakitale, limakhala litadya kale gawo lina la kuwala. Ngati galasi lokha limadutsitsa 80, ukamatapo pepala la 5 zimachulukitsana n'kutsala 4.

Apongozi anayankhira kumpando kwawo kuti, "Safunsa anadya phula." Palibe anawafunsa.

Munthu wanzeru akanangopepesa pamenepo. Ine ndinatulutsa foni. Ndinati dikirani bwana, malamulo ameneŵa amasiyana malo ndi malo, tiyeni tione. Ndipo n'zoona amasiyana, pamenepo sindinaname. Ku Britain galasi lalikulu lakutsogolo liyenera kudutsitsa 75 peresenti, a zitseko zakutsogolo 70. Ndinadumphapo msanga. Ku South Africa a m'mbali amalola mpaka 35. Ku America chigawo chilichonse chili ndi nambala yake: New York ndi California 70 pa zitseko zakutsogolo, Florida 28, Texas 25. Ndinkawerenga mokweza, mawu akunka natsika limodzi ndi manambalawo, ndikuyembekeza kuti penapake padziko lapansi pali boma lachifundo lomwe linalemba 4. Chala chinatopa. Galimoto yanga inali yolakwa kulikonse komwe ndinaipititsa.

Bwana anandidikira mpaka ndinamaliza, n'kufunsa kuti, "Mwabwerako ku Texas, bambo? Tipitirize?"

Ndinayesa khomo lomaliza. Ndinali nditaona pafoni pomwepo kuti malo ena amalola tinti wakuda kwa anthu omwe dzuwa limawadwalitsa, monga odwala lupus, bola akhale ndi kalata ya dokotala. Ndiye ndinayamba kuphethira. Ndinaika dzanja pamphumi. Ndinati maso angaŵa, bwana, dzuwa ndi adani. Bwana anati kalata ili kuti. Ndisanapeze bodza loyenera, mawu anatuluka m'galimoto:

"Ameneyu maso ake ndi abwinobwino, mwanawe. Amaona zigoli pa TV ya anthu oyandikana nawo nyumba ali pakhonde pake."

Mayi amene ndinawatsegulira chitseko ndi manja awiri m'mawa womwewo.

Tikiti inalembedwa. Polemba, bwanayo anandiuza chifukwa chake amalimbikira magalasi akutsogolo, ndipo zinandiŵaŵa kuti zinali zomveka. Wapolisi akamayandikira galimoto amafuna aone manja a woyendetsa. Munthu wodutsa msewu amafuna aone ngati dalaivala wamuona asanaponde phazi. Ndipo usiku, iwe mwini uli m'katimo, wa njinga wopanda nyale sumuona mpaka utamumva. Apa ndinakumbukira kamba wa usiku wathawu n'kungoti zii. Bwanayo anati magalasi akumbuyo malamulo ambiri sawavutitsa kwenikweni, nkhani ili pa aŵiri akutsogoloŵa, ndipo chindapusa chokha sichichotsa mlandu: ndikapitiriza kuyenda nawo, wina akandiimitsanso kutsogolo n'kundilemberanso ina.

Ndiye chithunzi chanu chija chinajambulidwa apa. Ndinaganiza zothana nazo pompo. Ndinkayesa kuti pepala loti silinaume lingosendeka lonse kamodzi ngati chikopa. La kumbali yanga, lomwe linali litapindika kale, linayamba bwino, kenako linaduka pakati. Lotsalalo linkachoka tizidutswa tonga timasitampa. Odziŵa ntchitoyi amayamba alitenthetsa ndi nthunzi kapena makina owumitsira tsitsi kuti guluu afeŵe, kenako n'kumakoka pang'onopang'ono. Ine ndinali ndi zikhadabo khumi ndi kiyi wa nyumba. Tizidutswato tinkandimatirira m'zala, ndikatichotsa ku dzanja ili tikupita ku dzanja linalo, kena kanakafika pachipumi ndipo ndinayenda nako tsiku lonse popanda wondiuza. Apongozi anatsegula kachikwama kawo n'kumalandira zinyalalazo chimodzichimodzi, "kuti tisadetse msewu, talakwa kale kokwanira." Taonani mawuwo: talakwa. Pa tikiti panali dzina limodzi.

Amene munajambula, ndikukudziŵani. Munaliza hutala kaŵiri, simunaime.

Pondiweruza muzikumbukira kuti cholinga changa chinali chabwino. Mkono wa kuwindo unali utayamba kusiyana mtundu ndi unzake, ndipo chiwongolero masana chinkatentha ngati chitsulo cha pamoto. Komanso ndani anaganiza zoti nambala yaing'ono itanthauze chinthu chachikulu? Nsapato ya 5 ndi yaing'ono. Mwana wa zaka 5 ndi wamng'ono. Tinti yekha ndiye anasankha kuyenda chobwerera. Chomwe chinandipweteka kwambiri ndinachimva mochedwa: kuli mapepala ena, a seramiki, ooneka pafupifupi oyera koma amatchinga kutentha bwino ndithu. Kutanthauza kuti mkono wanga ukanapulumuka popanda chipewa cha munthu kugubuduka.

Ndinabwerera kwa mnyamata uja ndi tikiti m'manja, nditakonzekera mawu usiku wonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Koma bigi, ndinakufunsani kaŵiri." Ndinati bwanji sunandiuze kuti 5 ndi mdima wa ndiweyani. Anati, "Mmene munayankhira muja, ndimayesa mumadziŵa." Ndinamuuza kuti achotse ndi lakumbuyo lomwe, ndatopa nazo. Anakana, akuti galasi lakumbuyo lili ndi timizere tija totenthetsa galasi kukachita nkhungu, ukakanda ndi lezala timaduka ndipo sitigwiranso ntchito, ndiye pamafunika nthunzi ndi tsiku lathunthu. Ndinati lisiye.

Moti pano galimoto ili pawiri: kumbuyo usiku, kutsogolo masana. Masana akenso a chifunga, chifukwa guluu wotsala uja sindinamalize kumuchotsa ndipo fumbi lonse la mumsewu lapezapo pokhala. Apongozi masiku ano amakana kukhala kutsogolo. Akuti kumbuyo n'kozizira bwino, munthu amagona osaonedwa, ndipo sabata yatha anandifunsa ngati mnyamata yemwe uja angabwere kudzamata mawindo a kuchipinda kwawo. Anati ndimuuze aike 5.