Mmene ndinayendera pokajambulitsa mimba yanga yachiwiri

Mimba yachiwiri inandipeza nditangosiya jakisoni wakulera, uja wa miyezi itatu, msambo usanabwerere m'malo mwake. Mwezi uno timadontho, mwezi wotsatira zii. Ndiye anesi a kusikelo atandifunsa kuti, "Mayi, munasamba komaliza liti?" ndinangoti kakasi. Ndinati mwina inali nthawi yokolola. Iwo anaseka n'kunena kuti, "Nthawi yokolola si deti, mayi."

Ankafunsa chifukwa masiku a mimba amawerengedwa kuchokera pa tsiku loyamba la msambo womaliza, masabata 40 kapena kuti masiku 280. Popanda tsikulo aliyense amangoganizira. Anandigoneka, anapapasa pamimba, anati chiberekero chafika cha pamchombo, kutanthauza masabata pafupifupi 20. Ndinayamba sikelo mochedwa, ndikuvomera. Kwathu mimba yaing'ono timabisa, ndipo ine ndinabisa mpaka chitenje chinayamba kukana. Tsiku lomwelo anandiyeza BP, magazi, HIV ndi chindoko, ndinamwera pomwepo mapiritsi atatu a Fansidar, anandibaya katemera wa kafumbata, ndinalandira neti ndi mankhwala owonjezera magazi. Kenako analemba m'buku langa kuti ndikapange sikani kuchipatala cha boma, poti pachipatala chathu chaching'ono makinawo palibe.

"Musadikire mwezi wamawa," anatero. Bungwe la WHO kuyambira mu 2016 limalangiza kuti mayi woyembekezera aonedwe ka 8, ndipo ajambulidwe kamodzi masabata 24 asanakwane. Ine ndinali nditatsala ndi masabata ochepa chabe.

Kunyumba nkhani inavuta kwa apongozi. Iwo anamva kuti makinawo amawotcha mwana. Ndinawafotokozera zimene anesi anandiuza, kuti sikani si X-ray. Makina ake amatumiza mawu apamwamba kwambiri oti khutu silingamve, mawuwo akagunda thupi la mwana amabwerera, ndipo kubwererako ndi kumene kumapanga chithunzi. Anangoti, "Chabwino, koma ndipita nawo." Anapitadi.

Tinanyamuka kusanache, nditatenga buku lakuchipatala, zitenje ziwiri ndi botolo la madzi. Mnzanga wina anandiuza kuti ndimwe madzi ambiri kuti chikhodzodzo chidzaze, makina aone bwino. N'zoona, makamaka mimba ikakhala yaing'ono, koma sanandiuze kuti ndiyambe kumwa liti. Ine ndinagugudiza botolo lonse tili m'minibasi. Titafika, mzere unali utafika kale pakhonde, ndipo cha m'ma 9 koloko magetsi anathima. Tangoganizani munthu wapakati, chikhodzodzo chili tho, akuopa kupita kuchimbudzi kuti angadutsidwe pamzere. Ndinapirira ola limodzi, kenako ndinagonja, n'kuyambiranso kumwa pang'onopang'ono. Inu mukamapita, kayambeni mwaona kutalika kwa mzere, ndipo funsani ngati madziwo akufunika n'komwe.

Dzina langa linaitanidwa masana. Chipinda chinali chamdima. Ndinayala chitenje pabedi, ndinagona chagada, adokotala anathira pamimba mafuta oterera, ozizira ngati achokera m'firiji. Anatenga kachipangizo kokwana m'dzanja n'kumakayendetsa uku akukanikiza pang'ono. Sizipweteka. Pa sikirini ine ndinkangoona zakuda ndi zotuwa, ngati TV yosowa siginolo.

Chimene chinandiopsa ndi kukhala chete kwawo. Ankaimitsa chithunzi, kudina, kulemba manambala, kuyendetsanso, osanena kanthu. Mtima wanga unali m'mwamba. Ndinalephera kupirira: "Adokotala, kodi zili bwino?" Anati, "Dikirani mayi, ndikuyeza." Kumeneko kunali kuyezadi basi. Atamaliza anatembenuzira sikirini kwa ine. Anandisonyeza mutu, kenako msana, timafupa tili ndondondo ngati minga ya chambo chodyedwa mbali imodzi. Pakati pa chifuwa kanthu kankaphethira mofulumira. Mtima umenewo, ukugunda ka 146 pa mphindi. Ndinadabwa kuti n'kuthamanga kotani kumeneku, koma anati wa mwana wam'mimba umayenera kukhala pakati pa 110 ndi 160. Mwana anali mmodzi, wa masabata 21 ndi masiku awiri.

Bambo akunyumba anali atandituma funso limodzi lokha, loti ndi wamwamuna kapena wamkazi. Ndinafunsa. Mwanayo anali atapinda miyendo, ndipo adokotala anati sanena chinthu chimene sakuchiona. Kenako anati pali china chofunika kuposa chimenecho. Nsengwa inali itakhala m'munsi, pafupi ndi khomo la chiberekero. Anafotokoza kuti kwa amayi ambiri imakhala itakwera yokha chiberekero chikamakula, koma ikatseka khomo mwana sangadutse, pamafunika opaleshoni. Anandiuza kuti ndibwerenso pa masabata 32. Anawonjezera kuti ndikadzaona magazi, ngakhale popanda ululu uliwonse, ndithamangire kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo ndikasonyeze pepala la sikani wina aliyense asanandiyeze njira ndi zala, chifukwa kutero kungayambitse kutaya magazi kwambiri. Tepi yoyezera mimba ndi manja a anesi sizikanaona zimenezi.

Pepala limene amakupatsa limadzaza ndi zilembo zachidule. GA ndi msinkhu wa mimba. EDD ndi tsiku loyembekezera kuchira. BPD ndi HC ndi miyeso ya mutu, AC ndi kuzungulira kwa mimba ya mwana, FL ndi kutalika kwa fupa la ntchafu. Miyeso imeneyi ndi imene imapereka deti. Ana akakhala aang'ono amakula mofanana, koma kumapeto wina amanenepa wina amachepa, moti sikani ya miyezi yomaliza ingaphonye ndi masabata atatu. Nditajambulitsanso pa masabata 32 makina anatulutsa deti lina, losiyana ndi masiku 10, ndipo anesi anati tigwiritse loyamba lomwe lija. Kachithunzi ka mwana kamene angakupatseni kajambuleni pafoni tsiku lomwelo, pepala lake limafufuma msanga.

Pakati pa masikani awiriwo, woyang'anira mwana tsiku ndi tsiku ndinali ine. Ndinazolowera nthawi zake: ankamenya kwambiri ndikangodya nsima yamadzulo n'kugona chammbali. Tsiku lina, cha m'masabata 29, kunali zii kuyambira m'mawa. Ndinamwa madzi ozizira, ndinagonera kumanzere, anangosuntha pang'ono mwaulesi. Apongozi anati wagona, tione mawa. Ine ndinakwera kabaza. Anesi anaika kachitoliro kawo pamimba, khutu mbali inayo, maso ali pa wotchi. Mtima unali bwinobwino, ndipo ali mkati momvetsera mwanayo anamenya chitolirocho. Ndinachita manyazi kuti ndawavutitsa pachabe. Iwo anati, "Mwachita bwino, mayi. Mwana akachepetsa kusewera timafuna tikuoneni tsiku lomwelo." Anandikumbutsanso za zizindikiro zina zoopsa: mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, ndi kutuluka madzi nthawi isanakwane.

Sikani yachiwiri inasonyeza kuti nsengwa yakwera, yatalikirana ndi khomo la chiberekero. Ndinapitabe kuchidikiro masiku atayandikira, poti kwathu n'kutali. EDD inafika, inadutsa, matenda osayamba. Anesi anatsegula buku, anawerenga kuchokera pa deti la sikani yoyamba, anati tikafika masabata 41 tikambirana zoyambitsa matenda. Sitinafikeko. Mwana anabadwa patapita masiku 6 kuchokera pa EDD, wamkazi.

Kachithunzi kaja pano sikaonekanso kanthu, kangotsala kapepala kotuwa. Apongozi akusungabe m'buku lawo la nyimbo, ndipo alendo akabwera amawalozera pamene panali msana.