Lipoti la ulendo wa ku Dublin wotsata moyo wa Phil Lynott

Gulu lathu la oimba litaitanidwa ndi anzathu a ku Ireland kuti tikaphunzirane zoimbaimba, ife oliza gitala ya besi tinapempha kuti tsiku limodzi lipatulidwe loti tiyendere malo okhudza moyo wa Phil Lynott, yemwe anali woliza besi komanso woimba wamkulu wa bandi ya rock ya Thin Lizzy. Pempho lathu linavomerezedwa, ngakhale kuti oliza ng'oma anadandaula pang'ono kuti tikuwalanda tsiku lokagula zinthu.

Tinayambira ku Crumlin, dera la anthu wamba kumene Lynott anakulira. Iye anabadwira ku West Bromwich ku England pa 20 Ogasiti 1949, kwa mayi wa ku Ireland, Philomena, ndi bambo wa ku British Guiana (dziko limene tsopano limatchedwa Guyana), koma adakali wamng'ono anatumizidwa ku Dublin kuti agogo ake akamulere. Poyenda m'misewu yopapatiza ya kumeneko, tinayesa kuganizira mmene mnyamata wakhungu lakuda ankaonekera pakati pa ana anzake m'zaka za m'ma 1950, pamene anthu otere anali osowa mumzindawo. Kusukulu ya m'dera lomweli ndi kumene anadziwana ndi Brian Downey, amene pambuyo pake anadzakhala woliza ng'oma wa Thin Lizzy.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya mmene anayambira besi. Poyamba Lynott ankangoimba mu bandi ya Skid Row ya ku Dublin, ndipo atachotsedwamo, mtsogoleri wa bandiyo, Brush Shiels, anamuphunzitsa kuliza besi ngati njira yomupepesera. Chida chimene anachilandira ngati chopukutira misozi ndi chomwe anadzayima nacho patsogolo pa nsanja atayambitsa Thin Lizzy mu 1969 pamodzi ndi Downey komanso woliza gitala Eric Bell. Ambiri a ife tinazolowera kuti woliza besi amaima kumbuyo, pafupi ndi ng'oma, osaoneka bwino, koma Lynott ankaliza nsambo zinayizo kwinaku akutsogolera nyimbo ndi mawu ake, ntchito imene aliyense woiyesapo amadziwa kuvuta kwake, chifukwa zala zimafuna kusunga kugunda kwa nyimbo pamene pakamwa pakutsata mawu oyenda mosiyana. Pa gitala yake yakuda ya Fender Precision anaikapo chitsulo chonyezimira ngati galasi, ndipo ankachigwiritsa ntchito powalitsira nyali kwa anthu oonera.

Masana tinafika pa Harry Street, kufupi ndi Grafton Street, pamene pali chiboliboli chake chamkuwa chimene chinaikidwa mu 2005. Iye waima atatsamira gitala yake, ndipo tinapeza kuti anthu amasiya pansambo za chibolibolicho tizidutswa tolizira gitala. Mnzathu wina anasiyapo kake. Pamenepo tinakambirana za chaka cha 1976, pamene chimbale cha Jailbreak chinatchukitsa bandiyi mpaka ku America, ndiponso za kutha kwa bandiyi mu 1983, mankhwala ozunguza bongo a heroin atayamba kale kumudya Lynott.

Madzulo tinakwera sitima yamagetsi ya DART kupita ku Sutton, kumene kuli manda a St Fintan's. Lynott anamwalira pa 4 Januwale 1986 m'chipatala ku Salisbury ku England ali ndi zaka 36, atadwala chibayo ndi matenda a m'magazi. Mphepo yochokera kunyanja inali yozizira kwambiri moti sitinakhalitse pamandapo, ndipo tinabwerera ku Dublin dzuwa litalowa kale kuti tikakonzekere kuimba limodzi ndi otilandira tsiku lotsatira.