Garaja yathu ya ku Luwinga ndi galimoto zamagetsi

Garajayi tinaitsegula awiri, ine ndi achimwene anga aakulu. Iwo ndi makaniko, ine ndimasunga mabuku ndi kuitanitsa zipangizo. Ntchito yathu inali ya masiku onse: kusintha oyilo, ma brake pad ndi ma shock a ma Sienta omwe adzaza Mzuzu muno. Mafuta atayamba kusowa mu 2022, anthu n'kumagona pamzere pa filling station, makasitomala anayamba kutifunsa za galimoto zosamwa petulo. Tinaitanitsa imodzi yamagetsi kuchokera ku Japan, inatsikira ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe itanyamulidwa pa thiraki, ndipo tinaiika pa hayala. Mumzinda muno inkatipindulira, chifukwa magetsi a ESCOM otchajira usiku wonse sankafika n'komwe pa ndalama yomwe tikanalipira petulo.

Vuto linaonekera pa msewu wa ku Nkhata Bay. Mzuzu ali pamwamba, mamita oposa 1,200, pomwe nyanja ili pansi pa mamita 500, choncho mbali yaikulu ya ulendowu ndi mtsetse wokhotakhota. Tsiku lina mnyamata wathu woyendetsa anaimba ali ku Mpamba: "Achimwene, galimotoyi lero yasintha khalidwe. Ndikachotsa phazi pa moto sikudzigwira ngati masiku onse, ikungothamanga, ndipo mabuleki akununkha."

Galimoto yamagetsi imaima m'njira ziwiri. Ukachotsa phazi pa moto kapena kuponda buleki pang'ono, mota yomwe imazungulitsa matayala imayamba kugwira ntchito ngati jenereta, imakoka galimoto kuti ichepetse liwiro n'kumabwezera mphamvu mu batire. Ma pad ndi ma disc amalowererapo ukaponda mwamphamvu kapena galimoto ikatsala pang'ono kuima, ndipo yomwe imagawa ntchitoyi ndi kompyuta. Tsono batire ikadzaza, mphamvu ija imasowa kolowera, mota imasiya kukoka, katundu yense n'kugwera ma pad. Mnyamatayo ananyamuka batire itadzaza thoo, ndiye mtsetse woyamba anautsika ndi ma pad okha, galimoto yolemera ndi batire komanso anthu.

Achimwene atachotsa matayala, ma disc akumbuyo anali achita dzimbiri lofiirira, pongowala kamzere kochepa pomwe pad inkakhudza. Pini imodzi ya caliper, chitsulo chomwe chimapanikiza ma pad pa disc, inali itauma moti anaichotsa pomenya ndi hamala. Mabulekiwa sanathe, anangoonongeka chifukwa chokhala osagwira ntchito, ndipo mvula ndi chinyontho cha kwathu kuno zinawonjezera. Wina akamakugulitsani galimoto yamagetsi n'kumanena kuti ma pad ake satha msanga, akunena zoona, koma funsaninso za dzimbiri.

Apa m'pomwe ndinayamba kutsatira nkhani za makampani omwe amaitanitsa galimoto zawo kuti zikakonzedwe, ndipo ndinaona kuti ngakhale zatsopano zotuluka kumene m'fakitale zimapezeka ndi zilema. Mu 2022 Toyota inaitanitsa galimoto za bZ4X pafupifupi 2,700 chifukwa mabawuti a matayala ankamasuka, moti tayala likanatha kuchoka galimoto ikuyenda. Mu 2024 Hyundai ndi Kia anaitanitsa Ioniq 5, EV6 ndi zina chifukwa kachipangizo kotchaja batire yaing'ono ya 12V kankafa, galimoto n'kutaya mphamvu pamsewu. Yomwe inandichititsa nthumanzi ndi ya Volvo mu 2025 ku America: galimoto zina zinkatha kutaya mabuleki zikatsetsereka kwa mphindi imodzi ndi masekondi 40 dalaivala akudalira mota yokha. Amene anatsikapo Chiweta akudziwa kuti nthawi imeneyo imatha usanafike n'komwe pakati pa phiri. Ndipo sizinayambe lero. Mu 2010 Toyota inakonza pulogalamu ya mabuleki a Prius chifukwa ankachedwa kugwira pamsewu wa mabampu kapena woterera, ndiye taganizirani misewu ya ku Mchengautuwa m'dzinja.

Kwawoko mwini galimoto amalandira kalata, amapita kwa dila, amamukonzera ulere, nthawi zina pulogalamuyo imangobwera pa intaneti galimoto ili pakhomo. Galimoto ikagulitsidwa pa okushoni ku Japan n'kufika ku Katoto, kalata imeneyo siitsatira. Ineyo ndimaona kuti ngozi yaikulu kwa ife ili pamenepa, kuposa pa batire pomwe anthu amakonda kuopa.

Bizinesi yathu inakhotera komweko. Munthu asanalipire galimoto yamagetsi kapena hybrid (yoyendera magetsi ndi petulo), amatipatsa chassis number, nambala yozindikiritsa galimotoyo, ine n'kufufuza pa tsamba la kampani yopanga ngati inaitanitsidwapo komanso ngati inakonzedwa. Ikafika timailumikiza ku makina owerenga zolakwika, timachotsa matayala onse, kupaka girisi mapini, kuona brake fluid ndi kumanga mabawuti ndi sipanala yoyeza mphamvu. Makinawo anatidya ndalama, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tinagulanso magolovesi a magetsi, pakuti mawaya a olenji a m'galimotozi amanyamula mavoti mazanamazana ndipo sagwiridwa chisawawa. Ena amadandaula kuti tikuwalipiritsa tisanakonze kanthu. Mayi wina wa sitolo m'tauni anatiuza kuti, "Bambo, galimoto yatsopano mukuisegulirenji?" Titawaonetsa dzimbiri lomwe linali pa ma disc, anangotifunsa tsiku lodzaitenga.

Zokhudza pulogalamu ya kompyuta sitizikonza tokha, timauza mwini wake kuti akaonane ndi dila wa mtundu wa galimoto yakeyo, ndipo ikakhala ndi chilema chosakonzedwa timamulangiza kuti asaigule. Tataya makasitomala angapo chifukwa cha zimenezi. Galimoto yathu ya hayala ikadali pamsewu, koma yopita kunyanja imatchajidwa kufika 80 peresenti basi, ndipo sabata iliyonse dalaivala amaipititsa pamsewu wopanda anthu n'kuponda mabuleki mwamphamvu kangapo kuti ma disc ayere. Pano tikusonkha ndalama yogulira lifiti, chifukwa batire imakhala pansi pa galimoto ndipo ndi jeke yokha achimwene sakutha kuiona bwino.