Momwe ndinadutsira maphunziro a ukatswiri wa uchembere ndi matenda a amayi

Ndisanafunsire malo pachipatala chilichonse, ndinkafunsa mafunso atatu kwa madokotala amene anali pamaphunziropo, osati kwa akuluakulu awo. Pachaka pamachira amayi angati? Ogawana maopaleshoni alipo angati? Usiku zinthu zikavuta amabwera ndani, ndipo amatenga mphindi zingati kuti afike? Funso lenileni ndi lachitatuli. Chipatala chodzaza chimakupatsa mpeni msanga, koma wokuyang'anira akakhala kutali umangozolowera zolakwa zako n'kumaziyesa luso. Ndinkafufuzanso ngati magazi oika odwala amapezeka usiku. Za kutalika kwa maphunziro sindinataye nazo nthawi: ku America ndi zaka 4, ku Britain 7, ndipo aliyense amangotsata za dziko lake.

Chaka choyamba chinathera m'chipinda chochirira, ndipo aphunzitsi anga enieni anali azamba. Ndiwo anandizoloweretsa zala kuyeza khomo la chiberekero mpaka litatseguka masentimita 10. Ndiwonso anandiphunzitsa kumvera mtima wa mwana chiberekero chikangomasuka chitatha kumanga, chifukwa kutsika koopsa kwa kugunda kwake kumamveka pamenepo. Mtimawo uyenera kugunda pakati pa 110 ndi 160 pamphindi.

Chimene ndinachiloweza mpaka kuchilota ndi kutaya magazi mayi akachira. Mwana akangotuluka ndimabaya mayiyo oxytocin, mankhwala omangitsa chiberekero, mayunitsi 10 pantchafu. Magazi akafika mamililita 500 ndiyambe kuthamanga, ndipo ndimawayeza, sindiyerekezera ndi maso, chifukwa maso amachepetsa. Choyamba ndimaitana anthu. Kenako dzanja pamimba: chiberekero chikakhala chofewa ngati siponji ndimachisisita, poti nthawi zambiri vuto limakhala lomwelo, kulephera kumanga. Wina aike madiripi awiri a singano zazikulu, wina atulutse mkodzo ndi katheta, chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimaletsa chiberekero kumanga. Tranexamic acid, mankhwala ochepetsa kutaya magazi, galamu imodzi mumtsempha iperekedwe asanathe maola atatu mwana atabadwa. Chiberekero chikalimba koma magazi akutulukabe, ndimayang'ana pong'ambika ndi nyali yowala, kenako ndimayala nsengwa kuona ngati pali chidutswa chotsalira mkati. Mayi wachitsikana amanyenga: kuthamanga kwa magazi kumaoneka bwinobwino mpaka mochedwa, choncho ndimakhulupirira kugunda kwa mtima.

Mayi woyembekezera amene kuthamanga kwa magazi ake kwafika 160 pa 110, mutu ukuwawa, maso akuchita chidima, sindidikira kuti ayambe kuphupha. Magnesium sulphate, mankhwala oletsa kuphupha, magalamu 4 mumtsempha pang'onopang'ono, magalamu 5 thako lililonse, kenako magalamu 5 pathako maola anayi aliwonse. Ndisanabayenso ndimagogoda bondo kuona ngati mwendo ukudumpha, kuwerenga mpweya ndi kuona ngati mkodzo ukufika mamililita 30 paola. Mankhwalawa amatuluka kudzera mu impso, ndiye mkodzo ukachepa amaunjikana m'thupi mpaka kuimitsa kupuma. Calcium gluconate, mankhwala othetsa mphamvu ya magnesium, azikhala pafupi, osati m'kabati yokiya.

Chaka chachiwiri ndinasiya kungogwirira anzanga zitsulo n'kuyamba kutulutsa ndekha mwana pa opaleshoni. Woyamba wa mayi suvuta kwenikweni. Wovuta ndi wachitatu, pamene zipsera zamata chikhodzodzo pachiberekero, komanso wa mayi amene wakankha nthawi yaitali mutu wa mwana n'kukanirira pansi. Pamenepo ukakoka mwamphamvu chiberekero chimang'ambikira m'mbali momwe mumadutsa mitsempha yaikulu. Opaleshoni iliyonse ndinkailemba m'buku tsiku lomwelo n'kusainitsa. Amene amati adzalemba kumapeto kwa mwezi amavutika nthawi ya mayeso ikayandikira, osaina ataiwala kale.

Za matenda a amayi zinachuluka chaka chachitatu: zotupa za m'chiberekero, khansa ya khomo la chiberekero, kusabereka. Lamulo limodzi sindiliphwanya. Mayi aliyense wa msinkhu wobereka amene wabwera ndi m'mimba mopweteka ayezedwe mkodzo ngati ali ndi pakati, ngakhale atalumbira kuti n'zosatheka, chifukwa mimba yokhala m'chubu chodutsa mazira, kunja kwa chiberekero, ikaphulika magazi amatayikira mkati osaoneka. Pochotsa chiberekero, mantha anga amakhala pa kanjira kotenga mkodzo kuchokera ku impso, kamene kamadutsa pansi pa mtsempha wa chiberekero, pafupi ndi khomo. Ndimayamba ndatsitsa chikhodzodzo, ndipo chopanira ndimachiika chokhudzana ndi chiberekero chenichenicho.

Chaka chomaliza foni ya usiku inayamba kulirira ine. Dokotala wachaka choyamba akaimba kuti mayi akutaya magazi, ndimamufunsa zinthu zitatu ndikuvala nsapato: ataya ochuluka bwanji, mtima ukugunda kangati, chiberekero chalimba kapena ayi.